Mmene Mungadziwire Ngati Mbalame za ku Chigwa cha Shire Zasintha Nyengo Yoikira Mazira

Chaka chilichonse mvula ikachedwa, funso limodzi limandipeza kulikonse kumene ndapita, kaya ndi ku Ngabu, ku Bangula kapena kutsidya ku Makhanga. Amafunsa aphunzitsi oyang'anira makalabu a zachilengedwe, alimi a mapira amene amakhalira kuingitsa mbalame m'munda, ngakhalenso asodzi a ku Elephant Marsh: kodi n'zoona kuti kusintha kwa nyengo kwasokoneza nthawi imene mbalame zimamanga zisa? Ndayankha pakamwa kambirimbiri, ndipo tsopano ndaganiza zolemba kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomupatsa awerenge.

Ambiri amabwera ndi yankho lawo kale, lochokera m'kukumbukira, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana nawo. Munthu wa kuno amakumbukira bwino madzi a mu Januwale 2015, namondwe Idai wa mu 2019, Ana wa mu 2022 ndi Freddy wa mu Malichi 2023, koma mukamufunsa tsiku limene atchete anayamba kuluka zisa pa mtengo wa kuseri kwa nyumba yake m'chaka wamba ngati 2018, amangoganizira. Funsoli limayankhidwa ndi kope, ndipo kopelo liyenera kulembedwa mwa njira inayake. Njira yake ndi iyi.

1. Yambani ndi kusiyanitsa mbalame zanu m'magulu atatu

Gulu loyamba ndi la mbalame za chikhalire, zimene zimakhala nafe chaka chonse: atchete, nkhanga, nkhwali, njiwa, nkhwazi ndi nantchengwa. Zambiri mwa izi zimayendera mvula, udzu ndi tizilombo, choncho mvula ikachedwa nazonso zimatha kudikira. Nkhwazi ndi yosiyana, chifukwa imaikira mazira m'miyezi yozizira, mvula itatha.

Gulu lachiwiri ndi la mbalame zochokera kumadera ena a Africa zimene zimabwera kudzaswana kuno. Chitsanzo chabwino ndi kambalame kobiriwira monyezimira kumsana, koyera kumimba, kamene mabuku a Chingerezi amakatcha diederik cuckoo. Iko sikamanga chisa. Kamaikira dzira lake m'chisa cha tchete n'kumusiyira ntchito yolera. Kuti kabereke, kayenera kufika nthawi imene atchete akuikira, osati asanayambe kapena atamaliza.

Gulu lachitatu ndi la alendo amene amadzangodya, osaswana kuno. Namzeze wa ku Ulaya amafika chakumapeto kwa chilimwe, kuyambira cha mu Okutobala, n'kubwerera cha mu Epulo kukamanga chisa kwawo. Dokowe wamng'ono wakuda wa mimba yoyera, amene amatera m'magulu m'minda kudzatola ziwala ndi mbozi, amaswana kumpoto, m'chigawo cha Africa chochokera ku Senegal mpaka ku Ethiopia. Kwa mbalame za gulu ili mudzalemba tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka basi.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti dzina loti namzeze timaliika pa mitundu ingapo. Namzeze amene mumamuona akumata chisa cha matope pansi pa mlatho kapena pa khonde la sukulu ndi wa konkuno. Wina mwa iwo ali ndi kadazi kofiirira, chifuwa choyera mbee ndi timichira tiwiri topyapyala ngati waya. Wa ku Ulaya ali ndi khosi lofiirira lokhala ndi mkanda wakuda pachifuwa, ndipo madzulo amasonkhana m'chigulu kukagona m'mabango. Mukawasakaniza, kope lanu lidzanena kuti namzeze wa ku Ulaya anafika mu Julayi, zimene si zoona.

2. Mvetsani chimene mukufunafuna: kuphonyana

Kufulumira kapena kuchedwa pakokha si vuto kwa mbalame. Vuto ndi kuphonyana pakati pa tsiku limene ana aswa ndi masiku amene chakudya chawo chachuluka. Ngakhale mbalame zodya mbewu monga atchete zimadyetsa ana awo tizilombo tofewa, ndipo tizilomboti timachuluka kwa milungu yochepa chabe.

Umboni womveka bwino wa nkhaniyi unachokera ku Ulaya, kumene anthu akhala akulemba masiku a zisa kwa zaka zambiri. Ku nkhalango ya Wytham, pafupi ndi Oxford, kafukufuku wa kambalame ka chikhalire kotchedwa great tit anayamba mu 1947, ndipo pakati pa 1961 ndi 2007 kambalameka kanafulumiza kuikira kwake ndi pafupifupi milungu iwiri, motsatira mbozi zimene zinayamba kutuluka msanga chifukwa cha kutentha. Ku Netherlands zinthu zinavuta kwa pied flycatcher, mbalame imene imathera nyengo yozizira ya kwawo kumadzulo kwa Africa. Iyo ikakhala kuno ku Africa siingadziwe kuti ku Ulaya masamba aphuka msanga; ulendo wake umayendera kwambiri kutalika kwa tsiku, kumene sikusintha ngakhale dziko litenthe motani. Ofufuza analengeza mu 2006 kuti m'nkhalango zimene mbozi zinkachuluka mofulumira kwambiri, chiwerengero cha mbalameyi chinatsika ndi pafupifupi 90 pa 100 iliyonse m'zaka 20.

Musatengere zotsatira zimenezi ku Nsanje monga zilili. Kumeneko wotchi ndi kutentha kwa nthawi imene masamba amaphuka, pamene kuno wotchi ndi mvula ndi madzi a mtsinje, ndipo mvula yathu imatha kuyamba, kudula kwa milungu itatu, n'kudzagwa yonse m'masiku anayi. Chimene tikutengako ndi mfundo imodzi: mbalame ya chikhalire imaona ndi maso ake zimene zikuchitika pamalopo n'kusintha, koma yochokera kutali imanyamuka mongodalira chizolowezi.

3. Sankhani mitundu yochepa ndi malo amodzi osasintha

Mitundu inayi kapena isanu ndi yokwanira. Ine ndimalangiza tchete, nkhanga, nkhwazi ngati muli pafupi ndi madzi, namzeze wa ku Ulaya ndi dokowe uja. Sankhani njira imene mumayendamo kale, yotenga theka la ora, ndipo mulembe ngati ili kumphala kapena kudimba. Kwa owerenga ochokera kumtunda: mphala ndi minda ya pamalo okwera imene imadalira mvula yokha, pamene dimba ndi malo a m'mbali mwa mtsinje kapena dambo amene amasunga chinyezi madzi akaphwa. Atchete a m'mabango a kudimba amatha kuyamba nthawi yosiyana ndi a pa mthethe wa kumphala ngakhale mitunda ili yochepa pakati pawo, ndiye musaphatikize malo awiriwa pa tsamba limodzi.

Musalowe ku Lengwe, Majete kapena Mwabvi popanda chilolezo, ndipo musaime m'mphepete mwenimweni mwa Shire pofuna kuona chisa bwino. Ng'ona za kuno tonse tikuzidziwa.

4. Yendani masiku okhazikika, ndipo lembani ngakhale tsiku limene simunaone kanthu

Yendani kawiri pa mlungu, mwachitsanzo Lachiwiri ndi Lachisanu, m'mamawa dzuwa lisanakwere, kuyambira mu Seputembala mpaka mu Epulo. A nkhwazi apitirize mpaka mu Ogasiti. Pa ulendo uliwonse lembani tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, dzina la woyenda ndi zimene mwaona pa mtundu uliwonse.

Mzere wofunika kwambiri m'kope lonse ndi wakuti "ndayenda, palibe". Tiyerekeze kuti mwalemba kuti adokowe munawaona koyamba pa 20 Novembala. Ngati pa 17 Novembala munayenda ndipo panalibe, tikudziwa kuti anafika m'masiku atatu amenewo. Koma ngati munali ku maliro kapena ku msika kwa milungu iwiri, tsiku la 20 Novembala likutiuza za inu, osati za adokowe. Mukalephera kuyenda, lembani kuti simunayende, ndipo musadzaze mpatawo ndi zimene mnzanu wakuuzani pokhapokha mutalemba kuti n'zongomva.

5. Lembani mvula ndi madzi a mtsinje pa tsamba lomwelo

Pezani chitini chowongoka, chofanana kukula pansi ndi pakamwa, muchiike pa chitsa pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse 8 koloko yezani madzi ndi rula m'mamilimita, lembani, khuthulani. Musadikire masana, chifukwa dzuwa la kuno limamwa madziwo musanawayeze. Ngati pafupi pali ofesi ya zaulimi imene ili ndi choyezera chenicheni, pemphani kuti muzikoperako manambala.

Siyanitsani chizimalupsa ndi mvula yodzalira. Chizimalupsa ndi mvula ya msanga ija imene imangozimitsa phulusa la m'tchire lopsa n'kusowanso. Imatha kuphukitsa udzu pang'ono ndi kunyenga atchete aamuna kuti ayambe kuluka, koma kenaka kumabwera ng'amba. Mvula yodzalira ndi imene imalowa pansi n'kupitirira. Zonse ziwiri zilembedwe, iliyonse ndi tsiku lake.

Madzi a Shire ali ndi nkhani yawoyawo. Ambiri amachokera ku Nyanja ya Malawi kudzera pa chotsekera madzi cha ku Liwonde, ndipo Ruo, wochokera ku phiri la Mulanje, akadzaza amakankha madzi a Shire pa Chiromo n'kuwabwezera m'dambo. Mu 2024 kuno kunali chilala cha El Niño pamene nyanja inali yodzaza kwambiri. Choncho mbalame zoikira pa mchenga wa pakati pa mtsinje kapena zokumba mauna m'gombe zimatha kutaya malo awo m'chaka chimene mvula ya pamudzi panu ndi yochepa. Sankhani mtengo kapena mwala wosasuntha umene mumauona muli patali, ndipo muzilemba pamene madzi afika.

6. Pezani tsiku la dzira loyamba popanda kukhudza chisa

Apa ndi pamene ambiri amasochera, ndipo ine ndinasochera pomwepa kwa nyengo ziwiri zathunthu. Ndinkaona zisa zobiriwira za atchete zitalendewera, n'kulemba kuti ayamba kuikira. Ndinadzazindikira mochedwa kuti ndinkalemba khama la amuna, osati mazira.

Mwa atchete, woluka ndi wamwamuna, uja wachikasu chowala wa kumaso kwakuda. Amatha kumaliza chisa m'tsiku limodzi, kenaka amalendewera pansi pake akukupiza mapiko kuitana wamkazi. Wamkazi akachikana ndipo udzu wake ukauma, mwamunayo amachiphwasula n'kuyamba china, ndipo pa nyengo imodzi amaluka zisa zambiri. Mtengo ukhoza kudzaza zisa ndi phokoso kwa milungu ingapo mulibe dzira ndi limodzi lomwe. N'chifukwa chake maso anu ayenera kukhala pa wamkazi, wotuwirako uja amene anthu ambiri samulabadira.

Khalani pamthunzi, mapazi 20 kapena 30 kuchokera pa mtengowo, kwa mphindi 20, ndipo musankhe zisa 10 zimene mungazizindikire ulendo uliwonse. Jambulani mtengowo m'kope n'kupatsa chisa chilichonse nambala. Pa chisa chilichonse lembani chimodzi mwa zizindikiro izi. Choyamba, mwamuna akuluka kapena akuitana: palibe chimene chachitika. Chachiwiri, wamkazi akulowa ndi ngayaye zofewa za udzu kapena nthenga: wachivomera ndipo akuyala mkati, mazira ali pafupi. Chachitatu, wamkazi akulowa wopanda kanthu n'kukhalitsa mkati: akufungatira. Chachinayi, wamkazi akulowa ndi chiwala kapena mbozi kukamwa, kapena akutuluka ndi kachitosi koyera kukataya kutali: ana aswa. Chachisanu, ana akulira pakhomo la chisa kapena atuluka.

Chizindikiro chodalirika ndi chachinayi, chifukwa chakudya cha kukamwa sichinama. Kuchokera pamenepo mumawerenga chobwerera m'mbuyo. Tchete amaikira mazira awiri kapena atatu, limodzi pa tsiku, ndipo amafungatira pafupifupi masiku 12, choncho kuchoka pa dzira loyamba kufika pa kuswa ndi masiku pafupifupi 14. Tiyerekeze kuti pa 6 Januwale wamkazi wa chisa nambala 4 ankangokhala mkati, ndipo pa 9 Januwale akulowa ndi chakudya. Ana aswa pakati pa masiku awiriwo. Tengani 8 Januwale, chotsani masiku 14, mupeza 25 Disembala. Lembani kuti "25 Disembala, kuphonya ndi masiku awiri uku kapena uku". Mawu omalizawo musawasiye, pakuti ngati chaka chamawa mudzapeza 27 Disembala, simudzakhala ndi chifukwa chonenera kuti mbalame zachedwa.

Mukaphonya kuswa n'kungoona ana akutuluka, mukhoza kuwerengabe, popeza ana a tchete amakhala m'chisa masiku 17 mpaka 21, koma kuphonya kwake kumakula, ndipo muyenera kulemba kuti mwawerengera potuluka.

Pali msampha wina wobisika kwambiri. Chisa choyamba pa mtengo si chithunzi cha mtengo wonse. Pa gulu lalikulu la atchete pamapezeka mmodzi wofulumira, ndipo ana a sukulu 30 akamayang'ana amapeza chisa choyamba msanga kuposa mphunzitsi mmodzi. Kalabu yanu ikakula, kope lidzaoneka ngati mbalame zikufulumira chaka ndi chaka, pamene chachuluka ndi maso. Njira yopewera ndi kulemba masiku awiri: la chisa choyamba, ndi tsiku limene theka la zisa zanu 10 zinali ndi ana. Poyerekeza zaka, dalirani lachiwirili.

Pa nkhwazi ntchito ndi yopepuka, chifukwa banja limodzi limabwerera ku chisa chomwecho pa mtengo wautali. Lembani tsiku limene mwaona imodzi itakhala chogona m'chisa, mutu wokha ukuoneka, ndipo inzake ikubwera kudzasinthana nayo. Imafungatira milungu isanu ndi umodzi, ndipo ana amakhala m'chisa kupitirira miyezi iwiri.

Chisa cha nkhanga musachifune. Chili pansi mu udzu, ndipo kanjira kamene mungapondereze kadzatsogolera agalu ndi anyamata a malegeni. Lembani tsiku limene gulu labalalika n'kuyamba kuyenda ziwiriziwiri, kenaka tsiku loona anapiye oyamba ndi msinkhu wawo. Amene anaikirapo mazira a nkhanga ku nkhuku ya pakhomo akudziwa kuti amaswa pakatha pafupifupi milungu inayi.

Musakwere mtengo, musagwedeze nthambi, musapise dzanja m'chisa. Mbalame yothamangitsidwa pa mazira masana a mu Novembala, pamene kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, imasiya mazirawo akupsa.

7. Lembani chakudya ndi kutentha

Popanda tsamba ili simudzaona kuphonyana kuja. Lembani usiku woyamba umene ngumbi zatuluka, mlungu umene ziwala zazing'ono zachuluka mu udzu, nthawi imene mbozi zaoneka pa masamba, ndi tsiku limene udzu wa m'mbali mwa njira yanu wamasula ndi kukhwima. Simufunika kuwerenga tizilombo timodzitimodzi. Yendani mapazi 50 mu udzu pamalo omwewo, n'kulemba kuti palibe, zilipo zochepa kapena zachuluka.

Kutentha kulembedwenso. Ku chipululu cha Kalahari, ku South Africa, ofufuza anatsatira mbalame ya mlomo waukulu wachikasu, imene wamkazi wake amadzimatira m'phanga la mtengo, kuyambira 2008 mpaka 2019, ndipo anaona kuti kubereka kwake kunatsika kwambiri pamene masiku otentha ankachuluka. Kukatentha kholo limathera nthawi pamthunzi likupuma wefuwefu m'malo mosaka chakudya. Ngati muli ndi choyezera kutentha, chipachikeni pamthunzi n'kuwerenga 2 koloko masana. Ngati mulibe, lembani masiku amene mwaona mbalame zitayasamula kukamwa, mapiko ali otambalala.

8. Tsatirani chisa mpaka mapeto ake, kenaka yerekezani modekha

Lembani mmene chisa chilichonse chathera: ana auluka, chagwa ndi mphepo, chamizidwa, chalowedwa ndi njoka, kapena chasiyidwa m'nyengo ya ng'amba. Atchete akalephera amayambanso, ndipo mazira a ulendo wachiwiriwo asalembedwe ngati kuchedwa kwa nyengo. Ngati m'chisa cha tchete mwatuluka mwana mmodzi yekha wosafanana ndi makolo ake, ameneyo ndi wa kambalame kobiriwira kaja, ndipo tsiku lake ndi lamtengo wapatali chifukwa likukuuzani za mitundu iwiri nthawi imodzi.

Nyengo ikatha, werengani mipata itatu: kuchoka pa mvula yodzalira kufika pa dzira, kuchoka pa kuswa kufika pa kuchuluka kwa tizilombo, ndi kuchoka pa kufika kwa alendo kufika pa mvula. Ngati mvula yachedwa milungu itatu ndipo atchete achedwanso milungu itatu, mbalamezo zatsatira mvula ndipo mpata sunasinthe. Chodetsa nkhawa ndi pamene mpatawo ukukula zaka zingapo motsatizana. Akatswiri a zanyengo amagwiritsa ntchito zaka 30 pofotokoza nyengo ya malo, choncho musathamangire kulengeza pa msonkhano wa makolo zimene mwapeza m'nyengo ziwiri. Kumbukiraninso kulemba zosintha za anthu, monga kudulidwa kwa mtengo, kutenthedwa kwa mabango kapena kutsegulidwa kwa munda wothirira pafupi, chifukwa malo othirira monga a nzimbe a ku Nchalo amakhala obiriwira ngakhale mvula isanagwe, ndipo mbalame za pafupi nawo sizingayerekezedwe ndi za kumphala.

Zimene mwalemba mukhoza kugawana ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, ndipo amene ali ndi foni ya intaneti akhoza kuziika pa eBird, kumene zimasungidwa pamodzi ndi za anthu a m'mayiko ena. Kope lenilenilo lembani ndi pensulo, popeza inki imasungunuka ikanyowa, ndipo muzilisunga m'jumbo pamwamba pafupi ndi denga. Kumapeto kwa mwezi uliwonse jambulani masamba onse ndi foni n'kutumiza zithunzizo kwa munthu wokhala kumtunda, ku Thyolo kapena ku Blantyre, ndipo mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi muzichita zimenezi mlungu uliwonse.